Telala wa pa Ntcheu boma, suti yanga ya maruni, ndi mawu oti coxcomb

Anthu mwakhala mukundifunsa kuti suti ija ndinavala pa ukwati wa achimwene anga mwezi wa Julaye ndinasoketsa kuti, ena mukufunsa ndi mtima wabwino ena mukungofuna poyambira kundiseka ndikudziwa, nde ndati ndingolemba kamodzi nkhani yonse aliyense atengepo zake. Telala wake ali pa Ntcheu boma pompa, amakhala pakhonde la shopu ina, dzina sinditchula chifukwa pali zina ndinene pano zoti mwina sakondwa nazo, komanso ndi bambo wamkulu woti ndikakumana naye ndimavula chipewa.

Ntchito amaidziwa, izo zokha ndisaname. Makina ake ndi akale aja opalasa ndi mapazi, nde magetsi kaya azime tsiku lonse kwa iye palibe chasintha, umangomva tchekete tchekete uli kutali. Simbi yake ndi ya makala, amayamba waiuzira phulusa kaye, kenako amayala kansalu konyowa pamwamba pa jekete asanasite kuti nsalu isawale ngati pulasitiki, zimene matelala achinyamata ambiri sasamala nkomwe. Poyeza safulumira. Tepi pakhosi, choko kukhutu, miyezo amalemba mu kope la ana a sukulu lomwe lakuda ndi manja, ndipo atandiyeza mapewa anabwereza kachiwiri nkundiuza kuti bwana phewa lanu lamanja ndi lotsika kuposa linzake, munkasenza katundu muli mwana eti? Ine kudabwa, chifukwa nzoona ndinakulira kunyamula matumba a mbatatesi ku Tsangano, koma zaka 31 zonsezi palibe anandiuzapo kuti ndine wopendekeka. Anaika kathonje pang'ono mbali imeneyo, jekete inakhala bwinobwino. Mabowo a mabatani anasoka pamanja, ulusi wake wothithikana mwakuti ukhoza kuwerenga umodziumodzi. Nsalu ndinakagula ndekha ku Lilongwe, iye kusoka jekete, thalauza ndi wesikoti anandiuza K60,000, theka dipoziti theka potenga, ndipo kwa ine mtengo umenewo siwodula tikaona mmene zinthu zakwerera kuchokera pamene kwacha inagwa mu Novembala 2023.

Vuto la bamboyu ndi limodzi lalikulu, sakana. Chilichonse unganene iye amangoti zitheka bwana. Ine ndinapita ndi chithunzi mufoni chomwe ndinachiona pa Facebook, mkulu wina wa ku Congo atatchena mochititsa mantha, nde ndinati ndikufuna chonchi, nsalu ya maruni, mkati mwa jekete muikemo yagolide yonyezimira, mabatani agolide, thalauza yothina yothera pamwamba pa akakolo kuti ndivale nsapato opanda sokosi, kenako mutu unandizungulira ndinawonjezera zanga zoti pa chithunzipo panalibe, ndinati m'mphepete mwa kolala mudutsitsemo kansalu kofiira kuti anthu aziona ndili patali. Iye anangogwedeza mutu akulemba, nkuti, bwana imeneyi nde ikukhalani, anthu aiwala kuti mkwati ndani. Ine ndinamva kukoma mumtima, ndinatenga ngati akundiyamikira, pano ndikaganiza ndimaona kuti mwina bamboyo ankandichenjeza mwaulemu koma makutu anga anali atatseka.

Tsiku la ukwati linafika, mukudziwa Ntcheu mu Julaye mmene kumazizirira, mphepo yochokera kumapiri ikungomenya akakolo anga ali pamtunda koma ine ndikuyenda monyang'wa ngati palibe chikuchitika. Anzanga operekeza mkwati onse anavala suti zakuda monga tinagwirizana, ine ndekha maruni, poti ndinati ndine m'bale wake wa mkwati ndiyenera kusiyanako. Titatuluka mu tchalitchi tikudikira zojambulitsa, amalume anga anandiitana. Amalumewa ndi mphunzitsi wopuma, anaphunzitsa Chingerezi ku sekondale kuyambira nthawi ya Kamuzu, ndi anthu aja amamanga tayi ngakhale akupita kuchigayo. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato, anaima kaye pa akakolo, kukwera mpaka pa kolala yofiira ija, nkuti, mphwanga, mawu awa ndakhala ndikungowawerenga m'mabuku zaka zonsezi koma lero ndaona coxcomb ndi maso anga. Ine osadziwa kanthu ndinaganiza ndi dzina la sitayilo kapena la kampani ina yodula ya zovala, ndinapinda mawondo pang'ono nkuti zikomo kwambiri amalume kkkk. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, azakhali anachita kumumenya pamsana.

Patatha sabata ndinapita kwawo kukasiya mapoto omwe tinabwereka, nde ndinafunsa kuti mawu aja munanena aja amatanthauza chani. Anandikhazika pansi, analowa kuchipinda nkutulutsa dikishonale yakale yopanda chikuto, masamba achikasu, mphemvu zinadyako m'mbali, anatsegula ngati m'busa akutsegula Baibulo. Apa nde ndinaphunzira zinthu zoti sindinalipire fizi.

Mawuwa akuti ndi awiri anangowaphatikiza, cock's comb, kutanthauza tsumba lofiira lija la pamutu pa tambala, kalembedwe kokha nkomwe kanasintha nkulowamo x. Tsono tambala akubwera bwanji pa nkhani ya munthu. Kalekale ku England mafumu ndi anthu olemera ankasunga munthu pakhomo woti ntchito yake ndi kuseketsa basi, chitsiru cholembedwa ntchito tingotero, ndipo chipewa chake chinkakhala ndi kansalu kofiira pamwamba kodulidwa manomano ngati tsumba la tambala, kuti aliyense akangomuona adziwe kuti uyu ndi wosekedwa. Nde poyamba coxcomb chinali chipewacho, kenako anayamba kutchula mutu wa munthu moseka ndi mawu omwewo, kenako munthu wopusa aliyense, mpaka anadzakhazikika pa mwamuna wodzimva amene nzeru zake zonse zathera pa galasi ndi zovala. Khalidwe lakelo nde amati coxcombry. Pamene amafotokoza za kansalu kofiira kaja anandiyang'ana pakhosi ngakhale tsikulo ndinavala juzi wamba, ine ndinangoyang'ana pansi.

Anandiuzanso za sewero la Shakespeare lija la King Lear, lolembedwa cha m'ma 1605 kapena 1606, momwe muli chitsiru cha mfumu chovala chipewa chimenechi. Mfumuyo inagawa dziko lonse kwa ana ake aakazi awiri nkutsala manja lende, nde chitsirucho chikuvula chipewa chake nkumapatsa Kent, munthu amene akukakamirabe kutumikira mfumu yopanda kanthu, ngati kunena kuti tenga uvale ndiwe chifukwa wopusa weniweni pano si ine. Amalume akuti chokoma pa seweroli nchoti wovala chipewa cha uchitsiruyo ndi amene akuona zinthu bwino kuposa akuluakulu onse. Apa mpamene ndinayamba kumva kulasa kwa mawuwa. Woseketsa uja ankadziwa kuti wavala tsumba, inali yunifolomu ya ntchito ndipo ankadya nayo. Coxcomb wa masiku apambuyo tsumba amadziveka yekha, ndi ndalama zake, ndipo anthu akamaseka iye amaganiza kuti akumusirira.

Samuel Johnson mu dikishonale yake ya 1755 anawonjezerapo mbali ina, kuti si zovala zokha ayi, ngakhale munthu wonamizira kudziwa zinthu pamene mutu uli mbee nayenso ndi coxcomb. Amene aja amalankhula Chingerezi chophotchola mu minibasi kuti kondakitala awaope, alowa momwemo. Ndinafuna kunena kuti nanga munthu wotchula mphwake mawu a zaka mahandiredi pakhomo pa tchalitchi podziwa kuti samva, ameneyo timuika pati, koma ndinameza, ndi amalume.

Chingerezi chili ndi mawu ambiri a anthu a mtundu umenewu, zikuoneka kuti kumeneko analiko ochuluka. Pali fop, lomwe m'zaka za m'ma 1400 linkangotanthauza chitsiru, pofika m'ma 1670 linasanduka la mwamuna wokonda zovala mopyola, ndipo olemba masewero ankawaseka powapatsa mayina onga Sir Fopling Flutter mu 1676 ndi Lord Foppington mu 1696, dzina lokha ukudziwiratu kuti akubwera ndani. Pali macaroni, inde chakudya chomwe timagula mu shopu chija, m'ma 1760 ndi 1770 ankatchula choncho anyamata olemera amene apita kukayenda ku Italy nkubwerako ndi mawigi ataliatali, kachipewa kakang'ono pamwamba, zakudya za kwawo osazifunanso. Ine pompo ndinakumbuka anyamata athu akabwera ku Joni pa Khirisimasi, magalasi akuda usiku, nsima akuti ikuwatupitsa m'mimba. Kenako dandy, ndipo apa anatchula Beau Brummell, amene anabadwa mu 1778, mnzake wa kalonga amene anadzakhala mfumu George IV. Iyeyu chodabwitsa sankavala zowala, ankakonda jekete yamtundu wodera yosokedwa mwaluso ndi nsalu yoyera mbee yomanga pakhosi, koma ankatha maola akuzikonza pagalasi ndipo London yonse inkatengera iye. Mathero ake ngongole zinamukwana, mu 1816 anathawira ku Calais ku France, anakamwalira ku Caen mu 1840 ali mmphawi mutu utasokonekera. Atafika pa ngongolepo ndinasintha nkhani msanga chifukwa ndalama ya nsalu ija ndinatenga ku banki mkhonde kudzera kwa akazi anga ndipo mpaka pano tikubwezabe.

Tinakhala nthawi ndithu tikusaka kuti pa Chichewa tinganene kuti chani. Kutchena ayi, chifukwa kutchena nkwabwino, ukauza munthu kuti mwatchena amamwetulira. Matama ali pafupi koma matama ndi a pakamwa kwambiri, munthu amatha kuchita matama atavala sanza. Kudzimva, kudzionetsera, kunyang'wa, onsewa akugwira mbali imodzi nkusiya ina, palibe limene likunyamula zonse ziwiri, kudzikongoletsa ndi kupusa, pamodzi. Ine ndinati nanga chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, amalume anakana, akuti mkuyu umanamiza wodya, pamene coxcomb amene wanamizidwa ndi mwini wake, ena onse akuona nyererezo zikuyenda panja. Azakhali ali pa mtondo panja anangoponya mawu kuti kwathu timangoti tambala wa pa ukwati wa eni, basi nkhani inathera pomwepo, ngakhale ndikukayika ngati mawu amenewo analipo kale kapena anangowapanga nthawi yomweyo pofuna ine.

Koma pali pena pamene sindikugwirizana nawo amalume, ndipo ndinawauza mwaulemu. Kwa ife tambala si mbalame yopusa. Ndi amene amadzutsa mudzi, ndi amene timaphera mlendo wolemekezeka, ali pa ndalama yathu kuchokera 1971 pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi. Ndipo kuvala mowala pakokha si uchitsiru. Pitani ku Nkolimbo nthawi ya Umhlangano wa Maseko mukaone madoda a Chingoni atavala nthenga kumutu zotalika kuposa tsumba la tambala aliyense, zikopa, mikanda, chishango m'manja pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani, ndani angayerekeze kuwaseka. Ovina mganda amasita zoyera zawo mpaka mzere wa kabudula ukhoza kukucheka, ndipo kunyada kumeneko ndi mbali ya gule. Kamuzu amene, suti ya zidutswa zitatu, chipewa, magalasi akuda, litchowa m'manja, kutentha kaya kuzizira. A ku Brazzaville ndi Kinshasa aja ndinatengerako chithunzi, ma sapeur, iwo anachita kukhala gulu lodziwika ndipo amadziwa bwino lomwe kuti akuchita chionetsero, anthu amawaombera m'manja mumsewu. Nde cholakwa changa sichinali maruni kapena golide. Atambala awiri salira khola limodzi, tsiku lija tambala anali achimwene anga, ine ndinabwera ndi tsumba lalikulu kuposa mwini khola, pa zithunzi zonse za ukwati diso limayamba kugwera pa ine, ndipo alamu anga mpaka lero chithunzi cha gulu sanachipachike pabalaza.

Amalume anavomera theka, nkuyamba kudandaula kuti ana a masiku ano mulibe mwambo, nthawi yathu kunali lamulo la kavalidwe la 1973, amayi thalauza ndi siketi yaifupi zinali zoletsedwa mpaka 1993, mwamuna tsitsi lalitali unkametedwa. Ali mkati molalikira azakhali analowa m'nyumba mwakachetechete nkubwera ndi chithunzi chakale chakuda ndi choyera, mnyamata wowonda atavala thalauza yotambalala kumunsi ngati siketi ziwiri, shati yothina mabatani atatu otsegula, nsapato zazitali ngati njerwa, dzanja m'chiuno. Anangochiika patebulo pamwamba pa dikishonale paja osanena kanthu nkubwerera ku mtondo. Mkuluyo anavula magalasi nkuyamba kuwapukuta nthawi yaitali.

Tibwerere kwa telala, poti ena mukufuna kudziwa ngati mungapiteko. Zolakwika zinalipo ndipo sindibisa. Choyamba nthawi, anandiuza sabata ziwiri koma zinakwana zisanu, ulendo uliwonse ukapita akuti mawa bwana yangotsala kusita, pamene ukuiona ndi maso ako ili pa hang'ala manja alibe. Ndinaitenga Lachisanu madzulo ukwati uli Loweruka, moti panalibenso mpata woyesa bwinobwino nkubweza kuti akonze. Nthawi ya maukwati imeneyi amalandira ntchito zambiri kuposa manja ake, wothandiza ali naye mnyamata mmodzi yekha amene amangosoka mabatani ndi kupinda m'munsi, nde ngati mwambo wanu uli pa 20 muuzeni kuti uli pa 5. Chachiwiri thumba la mkati mwa jekete ndi losaya, foni imatulukira theka, mwina anazolowera nthawi ya mafoni a mabatani. Nsalu yagolide ya mkati ija anagula yekha ndipo ndi yotchipa, imamata thupi ukatuluka thukuta, bola mukagule nokha zonse mpaka ulusi.

Chachitatu nde chija ena munachiona ndi maso. Nthawi ya perekaniperekani atayitana abale a mkwati, ine ndinalowa m'bwalo ndi ma K200 anga osinthitsa kale, nyimbo itafika pokoma ndinati nditsike pansi pang'ono anthu aone mkati mwa jekete mwagolide muja, ndinangomva kuti phwee kumbuyo. Msoko wa thalauza unatseguka kuchokera pa lamba mpaka pakati, mphepo ya Julaye inalowa ngati yaitanidwa. Ndinamaliza ukwati wonse nditamanga chitenje cha akazi anga m'chiuno, pamwamba jekete ya maruni ndi kolala yofiira, ana akunditsatira kulikonse. Nditabwerera nayo Lolemba nditakwiya, bamboyo anaitembenuza, anayang'ana msokowo modekha, nkuti, bwana munati ikhale yothina ngati ya pa chithunzi, koma wa pa chithunziyo anangoima, sankavina. Ndinasowa choyankha. Komabe mbali ina ndi yake, telala wodziwa ntchito ngati iye amayenera kusiya nsalu yokwanira mkati mwa msoko wakumbuyo ndi kudutsitsa ulusi kawiri, makamaka akudziwa kuti munthu akupita ku ukwati wa ku Ntcheu kumene palibe amakhala pampando. Anakonza ulere, anaikamo kachidutswa kuti imasuke, ndipo pano ndikhoza kukhala pansi osagwira mpweya.

Ndiye mukandifunsa ndinena kuti pitani, pa zisanu ndimupatsa zinayi. Suti wamba yakuda kapena yabuluu ya ku ntchito, ya ku tchalitchi, yunifolomu ya ana, jekete ya pa kaunjika yofuna kuchepetsa mapewa, zimenezo simupeza womuposa pa boma pano pa mtengo umenewo, ndinaona jekete ina imene anachepetsera mphunzitsi wina simungadziwe kuti inachokera mu belo. Koma ngati muli ndi mutu ngati wanga musapite nokha, tengani akazi anu kapena mlongo wanu, munthu woti akhoza kunena kuti ayi izi nde ayi, chifukwa bamboyo sadzakuletsani, mukati ndiikireni mabelu m'miyendo iye adzangofunsa kuti angati bwana.

Dzulo ndinadutsako kukasiya thalauza ya sukulu ya mwana kuti aike zipi. Pakhoma kumbuyo kwa makina, pamene amamata zithunzi za masitayilo zodula m'makalendala, ndinaona chithunzi changa cha pa ukwati paja, sindikudziwa anachipeza kwa ndani, achita kuchitsukitsa chachikulu nkuchikutira pulasitiki. Ndinati abambo chotsani ichi chonde. Iye akuti aaa bwana musatero, anyamata atatu abwera kale kudzafuna yomweyi, wina wa ku Kampepuza wapereka ndi dipoziti yomwe, kungoti iye akuti kofiira ka pa kolala kakhale kokulirapo.